Batani, linki kapena bokosi: kusankha zodina pa webusaiti yoti osaona nawonso aigwiritse ntchito

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yokonza webusaiti ya kopaletivi ya alimi kuno ku Kasungu. Alimi a ku Chamama, Santhe ndi Nkhamenya azilembetsa pa foni, azisankha mbewu zomwe alima chaka chino, aziona mitengo ya soya, ndipo ena azitsitsa fomu ya ngongole ya fetereza. Pa tsamba lotere zodina zimachuluka. Pafupifupi chilichonse chili ndi chida chake mu HTML, khodi yomangira masamba a webusaiti, ndipo chida chikasankhidwa cholakwika, pali anthu amene amatsekeredwa kunja ngakhale tsambalo likongole chotani.

Anthu amenewa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu aulumali oposa 1.5 miliyoni m'dziko muno, ndiponso anthu achialubino 134,636, amene ambiri mwa iwo amavutika kuwerenga zilembo zing'onozing'ono. Ana a pasukulu ya osaona ya Chilanga konkuno ku Kasungu akukula, ndipo afuna kumalembetsa okha zinthu popanda kupatsa munthu wina foni ndi nambala yawo yachinsinsi. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera mokweza zimene zili pa sikirini, screen reader: TalkBack pa foni za Android, VoiceOver pa iPhone, NVDA kapena JAWS pa kompyuta ya Windows. NVDA ndi yaulere. Mapulogalamuwa alibe nazo ntchito zoti chinthu ndi chobiriwira kapena chozungulira m'makona. Amawerenga khodi, n'kumuuza munthu zinthu zitatu: dzina la chinthucho, ngati ndi batani, linki kapena bokosi, ndi mmene chilili panopa. Mwachitsanzo "Tumizani, batani" kapena "Soya, bokosi lochonga, silinachongedwe". Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, munthuyo wayamba kulota.

Choncho musanalembe mzere uliwonse, dzifunseni kuti: munthu akadina apa, chichitike n'chiyani? Yankho lake ndi limene limasankha chida.

Linki imapititsa kwina, batani limachita ntchito

Apa ndi pamene pamalakwika kwambiri. Ngati kudinako kumutengera munthu ku tsamba lina, ku chigawo china cha tsamba lomwelo kapena ku fayilo, ikani linki, `a` yokhala ndi `href` yeniyeni. Ngati kudinako kutumiza fomu, kufufuta dzina, kutsegula menyu kapena kuwerengera ndalama, ikani `button`.

Ziwirizi zimasiyana ngakhale mutaziveka mtundu umodzi. Pa kiyibodi, linki imayankha Enter yokha, pamene batani limayankha Enter ndi Space. Munthu akamva kuti "batani" n'kudina Space, koma chinthucho chili linki, tsamba limangotsetserekera pansi iye osadziwa chachitika. Linki yeniyeni mungathenso kuigwira nthawi yaitali pa foni n'kuitsegula pambali kapena kuikopera kuti muitumize pa WhatsApp. Batani silichita zimenezo.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi `div` kapena `span`, zokutira wamba zimene si zodina, imene yapakidwa utoto n'kupatsidwa `onclick`. Chimenechi chili ngati chitseko chojambula pakhoma: kuoneka chikuoneka, koma wopapasa ndi dzanja sapeza chogwirira. Kiyi ya Tab imachidumpha, Enter ndi Space sizichita kanthu, ndipo screen reader imangowerenga mawuwo osanena kuti n'chodina. Ena amati akonza powonjezera `role="button"`. Izi zimangosintha dzina limene pulogalamu itchule. Kuti chiyende muyenera kuwonjezeranso `tabindex="0"`, kulemba khodi yomvera Enter, ina yomvera Space, ndi kuletsa tsamba kutsetsereka. Zonsezi `button` imabwera nazo kale. Malangizo a W3C, bungwe lokhazikitsa miyezo ya mawebusaiti, onena za ARIA, zowonjezera za m'khodi monga `role` zimene zimauza screen reader kuti chinthu n'chiyani, amayamba ndi mfundo yomweyi, kuti ngati HTML ili nacho kale chida chochita zimene mukufuna, tengani chimenecho.

Pali zolakwa zina zing'onozing'ono zimene zimadya nthawi. `a` yopanda `href` si linki, ndipo Tab siiona. `href="#"` yoikidwa pongofuna kuti chinthu chidinike imamuponya munthu pamwamba pa tsamba, ndipo wosaona amayambanso kufufuza pamene anali. Komanso batani lililonse lokhala mkati mwa `form` limatengedwa ngati lotumiza fomu mukapanda kunena. Mlimi akudina "Onjezani munda wina", fomu yonse n'kupita isanathe. Lembani `type="button"` pa batani lililonse limene si lotumiza, ndi `type="submit"` pa lotumizalo.

Mawu a pa linki azimveka paokha. Ogwiritsa ntchito screen reader amakonda kuitanitsa mndandanda wa malinki onse a pa tsamba, ndipo mndandandawo ukakhala "dinani apa, dinani apa, dinani apa", palibe chimene wamva. Lembani "Mitengo ya soya ya sabata ino". Ikakhala fayilo, nenani mtundu ndi kukula kwake pa linki pomwepo, monga "Fomu ya ngongole ya fetereza, PDF, 2 MB", chifukwa munthu wa bandulo ya tsiku limodzi ayenera kudziwa asanadine.

Batani la kachithunzi kokha, monga kagalasi kofufuzira kapena kamtanda kotsekera, lipatseni dzina ndi `aria-label`, apo ayi TalkBack inena kuti batanilo lilibe dzina. Koma malo akakhalapo, lembani mawu ooneka. Si onse amadziwa kuti timizere titatu ndi menyu. Ndipo batani likakhala ndi mawu ooneka kale, dzina la m'khodi lisasiyane nawo, popeza amene amalamula foni ndi mawu amatchula zimene akuona.

Tikulangizanso kuti musamazimitse batani lotumiza ndi `disabled` podikira kuti fomu idzazidwe. Tab imalidumpha batani lozimitsidwa, mtundu wake umakhala wofooka, ndipo silinena chimene chatsala. Lisiyeni lamoyo, munthu adine, inu mumuuze chimene chaperewera. Pamene netiweki ikukoka, monga zimakhalira kumidzi yambiri, munthu amadina kawiri katatu poganiza kuti sizinapite. Akangodina koyamba, khodi isalandirenso kudina kwina, ndipo pakhale uthenga woti "Tikutumiza, dikirani" m'malo okhala ndi `role="status"`, amene anaikidwa pa tsamba kuyambira poyamba, kuti screen reader iuwerenge yokha.

Posankhitsa munthu: radio, checkbox kapena select

Funso apa ndi loti asankha zingati, pa zingati. Chimodzi chokha pa zochepa, monga njira yolandirira ndalama pakati pa Airtel Money, TNM Mpamba ndi banki, ikani ma radio, timabwalo todina tolola kusankha chimodzi chokha. Onse akhale ndi `name` imodzi, ndipo muwakute ndi `fieldset` yokhala ndi `legend` yonena funso lenilenilo. Popanda `legend`, wosaona amangomva "Inde" ndi "Ayi" osadziwa kuti akuvomera chiyani. Pa kiyibodi, Tab imalowa m'gululo kamodzi, ndipo mkati mwake munthu amayenda ndi makiyi a mivi. Kumbukiraninso kuti radio ikasankhidwa siingasiyidwenso yopanda kanthu, choncho ngati funso si lokakamiza, onjezani yankho loti "Palibe".

Zingapo nthawi imodzi, monga chimanga, soya, mtedza ndi fodya, ikani ma checkbox, mabokosi ochonga. Musagwiritse ntchito `select`, mndandanda wosankhamo, ya `multiple`: pa kompyuta imafuna kugwira Ctrl uku ukudina, ndipo ambiri sadziwa zimenezo.

`select` wamba ndi ya mndandanda wautali koma wodziwika malire, monga maboma 28 a dziko lino. Ubwino wake ndi woti foni imatsegula mndandanda wakewake, wa zilembo zazikulu, umene TalkBack imaudziwa bwino. Okonza mawebusaiti ambiri amaitaya chifukwa imavuta kukongoletsa, n'kumanga yawo ndi ma `div`. Yomangayo nthawi zambiri siyankha mivi, siitsekeka ndi Esc, ndipo siinena chimene chasankhidwa. Ife tingasankhe `select` yosakongola.

Samalani ndi mndandanda umene umasintha tsamba wokha munthu akangosankha. Pa ma browser ena, mapulogalamu otsegulira mawebusaiti, woyenda ndi mivi akangotsika kamodzi, chinthu chasankhidwa kale, ndipo tsamba lathawa asanafike pa Kasungu. Ikani batani loti "Pitirizani". Ngati kusankha boma kumadzaza mndandanda wachiwiri wa mafumu aakulu, monga T/A Kaomba, Santhe, Wimbe, Chulu ndi Kaluluma, wachiwiriwo ubwere pambuyo pa woyambawo mu khodi, ndipo pamwamba pakhale mawu onena kuti ayambe wasankha boma. Koma dzina la mudzi lisakhale mu `select`. Midzi ndi yambirimbiri, ina imagawikana mafumu atsopano akavekedwa, ndipo kalembedwe kake kamasiyana munthu ndi munthu. Mpatseni malo alembe yekha.

Malo olembamo

Bokosi lililonse lolembamo likhale ndi `label` yooneka, yomangiriridwa ndi `for` ku `id` ya bokosilo. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinani mawuwo, ndipo ngati kasa, kamzere kosonyeza polemba, kalowa m'bokosi, zamangika. Izi zimathandizanso wa dzanja lonjenjemera, chifukwa mawu onse a pambali pa checkbox amasanduka malo odina. Mawu otuwa a mkati mwa bokosi, a `placeholder`, sangalowe m'malo mwa `label`. Amafufutika munthu akangoyamba kulemba, ndipo padzuwa la mu Okutobala saoneka n'komwe.

Nambala ya foni ikhale `type="tel"`, osati `type="number"`. Manambala athu amayamba ndi ziro, 099 kapena 088, ndipo akatengedwa ngati chiwerengero, ziroyo imatha kutayika panjira, SMS osafika. `type="number"` imakananso mipata, imabweretsa timivi tokweza ndi kutsitsa, ndipo pa kompyuta gudumu la mausi limatha kusintha nambala munthu osazindikira. Landirani nambala m'njira zonse zimene anthu amalembera, ya mipata, yopanda mipata, yoyamba ndi +265, kenako khodi yanu iikonze. Kumubweza munthu chifukwa cha mpata ndi kumuvutitsa pachabe.

Pa chiwerengero cha matumba a 50 kg, ikani bokosi wamba ndi `inputmode="numeric"` kuti foni itulutse makiyi a manambala. Pa maekala, pamene munthu angalembe 2.5, ikani `inputmode="decimal"`. Nambala ya chiphaso cha unzika ili ndi zilembo ndi manambala omwe, choncho ikhale bokosi wamba. Onjezani `autocomplete="name"` ndi `autocomplete="tel"` kuti foni idzaze yokha zimene ikudziwa kale.

Tsiku lobadwa lili ndi msampha wake. Kalendala yodina imayambira mwezi uno, ndipo agogo obadwa mu 1958 ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zonsezo. Mabokosi atatu, tsiku, mwezi ndi chaka, mkati mwa `fieldset` imodzi, amayenda msanga. Kalendala isiyireni masiku apafupi, monga tsiku lobweretsa soya ku depoti, ndipo ikhale ya browser, `type="date"`.

Munthu akalakwitsa, mzere wofiira pawokha sukwanira, chifukwa wosaona sauona ndipo ena sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Lembani mawu onena cholakwikacho ndi kakonzedwe kake: "Nambala ya foni ikhale ndi manambala 10, kuyambira ndi 0." Uthengawo muumangirire ku bokosi lake ndi `aria-describedby`, bokosilo mulipatse `aria-invalid="true"`, ndipo focus, amene ndi malo pamene kiyibodi yaima, muipititse pa bokosi loyamba lolakwika. Zimene walemba kale zisafufutike. Munthu wa TalkBack amatenga nthawi yaitali kulemba dzina limodzi, ndipo kumuyambitsanso fomu yonse ndi kumuthamangitsa.

Nambala yotsimikizira yobwera pa SMS ilowe m'bokosi limodzi, osati timabokosi 6 todumphira tokha, ndipo musaletse kumata. Ikani `autocomplete="one-time-code"`. Ngati pali malire a nthawi, malamulo a WCAG, a W3C onena za mawebusaiti oti aulumali nawonso agwiritse ntchito, amati munthu achenjezedwe n'kupatsidwa masekondi osachepera 20 oti awonjezere nthawi. Kwathu kuno SMS imatha kuchedwa mphindi zingapo, ndiye perekani nthawi yochuluka kuposa apo. Zithunzi za zilembo zopindika zoti munthu akopere pofuna kutsimikiza kuti si makina zimatsekera osaona kotheratu, zipeweni.

Zotseguka ndi kutsekeka

Pa mafunso ndi mayankho, monga "Kodi ngongole ndibweza liti?", `details` ndi `summary` zimakwanira. Sizifuna JavaScript, zimayankha kiyibodi, ndipo zimanena zokha ngati zatseguka.

Menyu ya pa foni itsegulidwe ndi `button` yokhala ndi `aria-expanded`, imene isinthe kuchoka pa "false" kupita pa "true", ndipo mkati mukhale mndandanda wamba wa malinki mu `nav`. Musaikepo `role="menu"`. Imeneyi inapangidwira mamenyu a mapulogalamu, ndipo imauza screen reader kuti mivi igwira ntchito pamene inu simunalembe khodi yake. Chilichonse chimene chimatuluka pokhapokha mausi ikadutsapo, dziwani kuti wa foni ndi wa kiyibodi sadzachipeza.

Kabokosi kotumphukira pamwamba pa tsamba, kofunsa kuti "Mukufunadi kufufuta mundawu?", kamangeni ndi `dialog` n'kukatsegula ndi `showModal`. Ma browser onse akuluakulu akhala akuimva kuyambira mu 2022. Imalowetsa focus mkati, imatseka tsamba la kumbuyo kuti lisadinike, imatsekeka ndi Esc, ndipo ikatsekeka imabwezera focus pa batani limene linaitsegula. Yomanga nokha imaiwala chimodzi mwa izi, ndipo wosaona amangopitiriza kuwerenga tsamba la kumbuyo osadziwa kuti pali funso likumudikira. Vuto ndi loti mafoni akale amene browser yawo sinasinthidwe sangaimve, choncho pa funso lofunika kwambiri tsamba lapadera lotsimikizira ndi lodalirika.

Ma tab, timitu tondandalikana todina posintha chigawo chooneka, osati kiyi ya Tab, alibe chida chake mu HTML, ndipo kuwamanga bwino kumafuna ARIA yambiri ndi khodi ya mivi. Nthawi zambiri mitu wamba yotsatizana imachita ntchito yomweyo. Zithunzi zoyenda zokha pamwamba pa tsamba zimadya bandulo, ndipo ngati zikuyenda kupitirira masekondi 5 ziyenera kukhala ndi batani loimitsira. Chilichonse chofuna kukoka ndi chala chikhale ndi njira ina yongodina.

Kukula, mtundu ndi focus

WCAG 2.2, imene W3C inatulutsa mu Okutobala 2023, imati chodina chisachepere mapikiselo 24 m'litali ndi 24 m'lifupi, pokhapokha pakhale mpata wokwanira pozungulira. Amenewo ndi malire otsikitsitsa. Apple imalangiza 44, Android 48, ndipo pa chala cha munthu wogwira khasu, pa sikirini yosweka, tengani 48. Mabatani oopsa, monga "Fufutani", asagundane ndi "Sungani".

Mawu wamba asiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake ndi muyeso wa 4.5:1, ndipo malire a mabokosi ndi tizithunzi todina afike 3:1. Linki ya mkati mwa ndime isiyireni mzere wake wa pansi. Musachotse mzere wozungulira chinthu chimene chili ndi focus polemba `outline: none`, chifukwa woyenda ndi kiyibodi amaona ndi umenewo pamene ali. Ngati sukukusangalatsani, ukonzeni ndi `:focus-visible` kuti ukhale wochindikala. `tabindex` isapitirire 0, popeza manambala monga 1, 2, 3 amasokoneza ndondomeko ya tsamba lonse. Tsamba likakhala la Chichewa, lembani `lang="ny"` pa `html`, ndipo chigawo cha Chingelezi chikhale ndi `lang="en"`.

Kuyesa musanapereke ntchito

Yambani ndi kuzula mausi. Yendani tsamba lonse ndi Tab, Shift ndi Tab, Enter, Space, mivi ndi Esc, mpaka fomu itumizidwe. Pena paliponse muziona pamene mwaima, ndipo pasakhale malo olowa osatulukamo. Kenako kulitsani tsamba kufika 400% pa sikirini ya mapikiselo 1280. Zimenezi zimafanana ndi foni ya mapikiselo 320, ndipo mabatani onse ayenera kupezekabe popanda kukokera cham'mbali.

Pa Windows ikani NVDA. Kiyi ya B imadumphira pa mabatani, K pa malinki, F pa mabokosi a fomu, H pa mitu. Ngati B ikudumpha chinthu chimene mukuchiona ngati batani, mwapeza `div` yobisala. Pa foni, yatsani TalkBack mu Settings, pa Accessibility. Kukoka chala kumanja kumapita pa chinthu chotsatira, kugogoda kawiri kumadina. Phunzirani kazimitsidwe kake musanaiyatse, chifukwa ikangoyaka foni yonse imasintha kayankhidwe. Yesani pa foni yotsika mtengo ya itel kapena Tecno, yofanana ndi imene alimi ali nayo. Yesaninso pa Opera Mini, imene pa njira yake yosungitsa data kwambiri imachepetsa JavaScript: malinki ndi mafomu enieni amayendabe, pamene zomanga ndi `div` zimatha kuuma.

Zida zoyesera tsamba zokha, monga Lighthouse ya mu Chrome, axe ndi WAVE, zimagwira `label` yosowa ndi mitundu yofooka, koma sizingadziwe ngati dzina la batani likumveka kapena ngati focus yabwerera pamalo oyenera. Zimenezo amazidziwa ndi amene amagwiritsa ntchito screen reader tsiku ndi tsiku. Mabungwe monga Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi poyambira kufunsa anthu otere. Mpatseni munthuyo ntchito yeniyeni, monga kulembetsa munda wa maekala 2 wa soya n'kusankha Mpamba, inu mukhale chete n'kumalemba pamene akukakamira, osamulozera. Ndalama yomulipira muiike mu bajeti kuyambira pamene mukulemba kotesheni.